Ayuda a ku Gatooma ndi Machona a M'migodi: Mbiri Yosungidwa ndi Mbiri Yoyamba Kutayika

Munthu woyenda pamsewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo amadutsa Chegutu, kenaka Kadoma, matauni awiri amene mpaka chaka cha 1982 ankatchedwa Hartley ndi Gatooma. Dera limeneli linakula chifukwa cha golide ndi thonje. Mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, mgodi wa Dalny ku Chakari, ndiponso mafakitale a nsalu a David Whitehead anakoka anthu ochokera kutali. Pakati pa alendowo panali magulu awiri amene ankakumana m'masitolo a pamigodi: Ayuda ogulitsa katundu, ndi antchito ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ayuda aja anachoka kalekale, koma mbiri yawo inalembedwa ndipo imaonetsedwa kwa anthu. Adzukulu a antchito aja akadali komweko, koma mbiri ya makolo awo ikupita kumanda pamodzi ndi nkhalamba.

Ayuda anafika m'dzikoli pamodzi ndi atsamunda oyamba. Mpingo wawo wa ku Bulawayo unayamba mu 1894, wa ku Salisbury mu 1895, ndipo ambiri mwa iwo anachokera ku Lithuania ndi madera ena amene ankalamulidwa ndi Russia. Gulu lina linachokera ku Rhodes, chilumba cha pafupi ndi Turkey chimene lero chili m'dziko la Greece. Dzina la chilumbachi silikhudzana konse ndi Cecil Rhodes. Ndi mayina ongofanana. Ayuda a ku Rhodes ankayankhula Chiladino, chinenero chochokera ku Chisipanishi chakale, pakuti makolo awo anapirikitsidwa ku Spain mu 1492. Anyamata awo ankabwera okha, n'kutsegula kasitolo pafupi ndi mgodi ku Chakari, ku Eiffel Flats kapena ku Gatooma. Malonda akayamba kuyenda ankaitana abale, kenaka akazi oti akwatire. Mu 1931 anakhazikitsa mpingo wawo ku Salisbury. Ku Gatooma nako Ayuda anachuluka mpaka anakhala ndi sunagoge ndi manda awoawo.

Kukumana kwa magulu awiriwa sikunali kwa anthu ofanana. Malamulo a atsamunda ankawerengera Myuda m'gulu la azungu, choncho ankatha kugula malo, kuvota ndi kutumiza ana ake kusukulu zabwino, ngakhale kuti azungu ena ankamunyoza. Wantchito wa m'komboni analibe zonsezi. Iye ankafika kusitolo ndi malipiro ochepa, kudzagula bulangete, mpoto kapena nsalu yotumiza kumudzi, nthawi zambiri pa ngongole. Pa ndale napo Ayuda sanali a maganizo amodzi. Roy Welensky, nduna yaikulu ya boma la Chitaganya kuyambira 1956 mpaka 1963, amene anthu a ku Malawi ndi Zambia amamukumbukira ngati mdani wa ufulu wawo, anali mwana wa Myuda wochokera ku Lithuania. Komanso Leo Baron, loya wa Joshua Nkomo amene boma la Ian Smith linamutsekera, anali Myuda.

Chimene chinasintha kwambiri moyo wa Ayuda a ku Rhodes chinachitikira kwawo kuchilumba. Mu 1938 boma la Italy, limene linkalamulira chilumbacho kuyambira 1912, linakhazikitsa malamulo osankha Ayuda, ndipo ena anathawira kwa abale awo ku Congo ndi ku Rhodesia. Otsalawo, anthu oposa 1,600, asilikali a Germany anawakweza m'zombo pa 23 July 1944 paulendo wopita ku Auschwitz. Amene anapulumuka anali pafupifupi 150 okha. Wogulitsa m'sitolo ku Chakari, amene anachoka kwawo poganiza kuti adzabwerera, anapezeka kuti alibenso kwawo kobwerera.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu 1961 Ayuda a ku Southern Rhodesia anali pafupifupi 7,000. Chitaganya chitatha, nkhondo yomenyera ufulu itakula, ndipo pambuyo pake chuma cha Zimbabwe chitasokonekera, mabanja anasamukira ku South Africa, Israel, Britain, Australia ndi America. Mapemphero a m'sunagoge wa ku Kadoma anatha. Sunagoge wakale wa ku Bulawayo anapsa ndi moto mu 2003.

Ku Kadoma kulibe nyumba yosungiramo zinthu zakale za Ayuda, koma mbiri yawo sinafe. Mu 1980 wofufuza B. A. Kosmin anatulutsa buku lotchedwa Majuta, dzina limene anthu akuda ankatchulira Ayuda, lofotokoza mbiri ya mtunduwu m'dziko lonse la Zimbabwe. Mu 1997 Aron Hasson, loya wa ku Los Angeles amene agogo ake anachokera ku Rhodes, anatsegula nyumba ya mbiri ya Ayuda pachilumbapo, m'zipinda zimene amayi ankapemphereramo pambali pa sunagoge wa Kahal Shalom, womangidwa mu 1577. M'nyumbamo amaonetsa zithunzi za mabanja, zovala, makalata ndi zipangizo za mapemphero. Chaka chilichonse m'mwezi wa July adzukulu a anthu a pachilumbachi amachokera kumayiko osiyanasiyana kudzakumbukira amene anatengedwa mu 1944, ndipo mabanja ena amachitira maukwati ndi miyambo yolowetsa ana m'chikulu m'sunagoge yemweyo. Sami Modiano, mmodzi wa opulumuka ku Auschwitz amene anakhalapo ku Congo nkhondo itatha, wakhala akubwerera kuchilumbachi kukafotokozera alendo zimene anaona.

Kuno kum'mwera kwa Africa, Nelson Mandela anatsegula South African Jewish Museum ku Cape Town mu 2000. M'katimo anamangamo chifanizo cha mudzi wa ku Lithuania, kuti mwana wobadwira ku Africa aone mtundu wa nyumba imene agogo ake anasiya. Ayuda amene anachoka ku Zimbabwe nawo anasonkhanitsa pa intaneti zithunzi, mbiri za mabanja ndi mayina a anthu ogona m'manda a matauni ang'onoang'ono. Rabi Moshe Silberhaft wa bungwe la African Jewish Congress wakhala akuyendera ndi kusamalira manda a Ayuda m'madera amene simukhalanso Myuda.

Mbiri ya antchito a m'migodi yomweyo ndi yaikulu kuposa apa tikawerenga anthu. Msonkho wa nyumba unakankha amuna ambiri kuchoka ku Nyasaland. Ena anayenda pansi masabata ambiri kudzera ku Tete n'kuwoloka Zambezi, ena analembedwa ndi Rhodesia Native Labour Bureau, imene antchito ankaitcha chibalo, ndipo ena anakwera magalimoto a Ulere. Amene sanabwerere kumudzi anatchedwa machona. M'makomboni anayambitsa mabungwe othandizana pa maliro, mipingo, mizikiti, magule a beni, ndiponso madambwe a gule wamkulu amene akuvinidwabe m'migodi ndi m'mafamu a dera la Kadoma ndi Chegutu. Eni nthaka ankawatcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira ku Zimbabwe opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegulanso njira kwa amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC.

Ofufuza analembapo za anthuwa. Charles van Onselen anatulutsa buku la Chibaro mu 1976, ndipo Zoë Groves anatulutsa lake lonena za Amalawi osamukira ku Zimbabwe mu 2020. Koma mabukuwa ali m'Chingerezi ndipo amapezeka m'mayunivesite. Nyumba ya mbiri ya migodi ya ku Kwekwe imadziwika ndi makina akale okumbira ndi kuphwanyira miyala. Zitupa za antchito, makalata ochokera ku Dedza kapena ku Katete, zithunzi za ukwati wa m'komboni ndi mabuku a mabungwe a maliro zikadali m'masutikesi a pansi pa bedi, momwe chiswe ndi chinyezi zimazipeza. Mgodi ukatsekedwa anthu amabalalika, ndipo manda a m'mbali mwake amamera thengo.

Achewa sakusowa poyambira. UNESCO inalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005. Ku Mua kuli nyumba ya Chamare ya malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo ku Mkaika m'boma la Katete mwambo wa Kulamba umasonkhanitsa anthu a Kalonga Gawa Undi ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique chaka chilichonse mu August. Chimene Ayuda a ku Rhodes anachita sichinadikire boma. Mdzukulu mmodzi anayamba ndi kusonkhanitsa zithunzi za mabanja, n'kuziika m'zipinda zochepa. Ku Eiffel Flats ndi ku Chakari kukadali agogo amene angathe kutchula mudzi, mfumu ndi mfunda wa bambo awo, ndiponso njira imene anadzera. Mayina amenewo akapanda kulembedwa agogowo akadali moyo, sipadzakhala womufunsa.