Nthenda ya Mtima Yoyambira pa Mmero

Kwa Mphuka, m'dziko la Feira kumene Luangwa athira m'Zambezi, mai wapakati akayamba kutupa mapazi ndi kubanika pokwera mtunda ndi mtsuko wa madzi, anthu akale anali kuganiza za tsempho kapena ufiti. Sanalakwe pofunafuna ciyambi cace m'masiku a m'mbuyo. Anangolephera kubwerera kutali kokwanira.

Kawiri-kawiri bvutoli liyamba maiyo akali kamtsikana. Tizirombo ta streptococcus tilowa pa mmero, ndipo mwana akapanda mankhwala, thupi lace pomenyana nato lilasa ndi zitseko za mtima zomwe. Zipsera zikhala cete zaka khumi kapena kuposa. Tsono pathupi mwazi ucuruka ndi pafupi-fupi theka, khomo lopapatiza lija likanika kuupititsa, ndipo madzi adzaza m'mapapu.

Asing'anga a ku Ulaya nawonso anacedwa kuzindikira. M'caka ca 1816 ku Paris, René Laennec anacita manyazi kuika khutu pa cifuwa ca namwali wodwala mtima, napinda pepala ngati bango namvera nalo: ndico ciyambi ca cipangizo cimene madotolo akoloweka m'khosi. Alexander Fleming anapeza penicillin mu 1928, koma munali mu 1950 pamene ku America anatsimikiza, poyesa asilikari, kuti kuciza mmero kuteteza mtima.

Ku Feira cithandizo cinadza ndi nkhondo za eni ace. Aputukezi atagwetsa mfumu yao mu 1910, Ajezuiti anapitikitsidwa ku Mozambique, naoloka Luangwa, namanga misyoni ya Katondwe, pamene pambuyo pace panadzuka cipatala.

Komabe nthendayi sinacoke mu Afrika monga inacepera ku Ulaya. Kafukufuku wa REMEDY, wofalitsidwa mu 2015, anawerenga odwala 3,343 m'maiko 14, pamodzi ndi Zambia. Awiri mwa atatu anali akazi, ndipo theka la onse linali lisanapitirire zaka 28, ndiyo misinkhu yobala ndi yolima. Mu 2018 maiko a m'bungwe la WHO anapangana kulimbana nayo.

Mankhwala ace sali a mtengo wapatali: nyereti ya penicillin kamodzi pa mwezi, zaka zambiri osadumpha. Koma citseko cikaonongekeratu, mai wa kwa Mphuka ayenera kutsata msewu wa ku mlato wa Luangwa kufikira ku Lusaka, makilomita oposa 300, kusiya munda ndi ana m'manja mwa abale.