Impso ndi chikhodzodzo: ntchito yake m'thupi, ndi zomwe Msilamu ayenera kusamala

M'dzina la Allah, Wachifundo chambiri, Wachisoni chosatha. Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Msilamu amayamba kuphunzira za mkodzo ali ku madrasa, m'khomo la twahara: kuti mkodzo ndi najisi, kuti umaononga wudhu, ndi momwe timachitira istinja. Koma ndi ochepa omwe amafunsa kuti mkodzowo umachokera kuti. Thupi ili ndi amana yomwe Allah adatisungitsa, choncho tiyenera kulidziwa.

Impso ndi chiyani?

Munthu amakhala ndi impso ziwiri, kumsana, m'munsi mwa nthiti, imodzi kumanja ina kumanzere. Iliyonse ndi yooneka ngati nyemba, yaikulu ngati chibakera cha mwini wake, ndipo imalemera pafupifupi magalamu 150. M'kati mwa impso iliyonse muli timasefa tating'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni totchedwa nephron.

Momwe zimagwirira ntchito

Mtima ukamapopa magazi, oposa lita imodzi amadutsa mu impso pa mphindi iliyonse. Timasefa tija timalola madzi, mchere, shuga ndi zoipa kudutsa, koma timatsekereza maselo a magazi ndi mapuloteni. Pa tsiku impso zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180, omwe ndi zigubu 9 za malita 20. Onsewo akadatuluka, palibe akadakhala ndi moyo. Koma impso zimabweza m'magazi pafupifupi madzi onsewo pamodzi ndi shuga ndi mchere wofunika, n'kutsala lita imodzi kapena awiri basi. Otsalawo ndiwo mkodzo.

Choipa chachikulu chomwe chimatuluka ndi urea, yomwe chiwindi chimapanga thupi likagwiritsa ntchito mapuloteni a mu nsomba, nyama ndi nyemba. Mkodzo umatsika kudzera m'timachubu tiwiri kupita m'chikhodzodzo, chomwe chimatha kusunga pafupifupi theka la lita.

Impso zilinso ndi ntchito zina: zimathandiza kuti magazi azithamanga pa mlingo woyenera, zimatumiza uthenga kumafupa kuti apange maselo ofiira a magazi, ndiponso zimakonza vitamini D yemwe amalimbitsa mafupa. N'chifukwa chake wodwala impso amasowanso magazi.

Impso pa nthawi ya swaumu

Wosala akakhala osamwa madzi kuyambira Fajr mpaka Maghrib, ubongo umatumiza uthenga ku impso kuti zisunge madzi. Pamenepo mkodzo umachepa ndipo umaoneka wachikasu kwambiri. Kwa munthu wabwinobwino zimenezi si matenda. Chofunika ndi kubwezeretsa madzi usiku: imwani pang'onopang'ono kuyambira pa futari mpaka pa daku, osati kugugudiza ambiri nthawi imodzi. Pa daku chepetsani mchere, chifukwa umakulitsa ludzu. Asodzi ndi amayi oyanika usipa padzuwa amataya madzi ambiri m'thukuta, ndiye iwowa asamale koposa.

Koma yemwe adauzidwa kuchipatala kuti ali ndi vuto la impso, miyala ya mu impso kapena shuga wovuta, akaonane ndi adokotala Ramadhan isanafike. Mu Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, Allah adampatsa wodwala chilolezo chomasula n'kudzabweza masikuwo. Yemwe matenda ake sayembekezeka kuchira amapereka fidya, kudyetsa wosauka pa tsiku lililonse. Kulandira chilolezo cha Allah si kuchepa kwa imani.

Likodzo

Kwa ife a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mdani wamkulu wa chikhodzodzo ndi likodzo. Nyongolotsi yoyambitsa matendawa adaitulukira ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mumzinda wa Cairo m'chaka cha 1851.

Ulendo wake uli motere. Wodwala akakodza m'nyanja, mumtsinje kapena padambo, mazira a nyongolotsi amatuluka ndi mkodzo n'kuswa m'madzimo. Tiana take timalowa mu nkhono za m'madzi, momwe timachulukana. Patapita masabata angapo timatuluka n'kumasambira, ndipo timaboola khungu la yemwe akusamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Maso satha kutiona. M'thupi timakula n'kukakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, m'mene timaikira mazira. Mazirawo ndiwo amavulaza chikhodzodzo, n'chifukwa chake magazi amaoneka makamaka kumapeto kwa kukodza.

Ena amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Limeneli ndi bodza loopsa. Likodzo likakhalitsa, zipsera zimatseka njira za mkodzo, mkodzo umabwerera ku impso n'kuziononga, ndipo ena amadzadwala khansa ya chikhodzodzo. Kwa amayi limavulazanso njira yoberekera. Mwana amasowa magazi ndipo amafooka m'kalasi.

Mankhwala ake ndi praziquantel, yemwe amaperekedwa kuchipatala ndi m'masukulu molingana ndi msinkhu kapena kulemera kwa munthu, ndipo amamwedwa munthu atadya. Makolo, musawaletse ana kulandira. M'mwezi wa Ramadhan wosala akhoza kumwa usiku atafuturu. Dziwaninso kuti wochira akhoza kudwalanso akalowa m'madzi omwewo.

Mu Bukhari ndi Muslim muli hadith yoletsa kukodza m'madzi odikha kenako n'kusambamo. Mulinso nkhani ya manda awiri omwe Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) adadutsa, pomwe adanena kuti mmodzi mwa eni ake ankalangidwa chifukwa chosadzisamala ku mkodzo. N'zoona kuti m'malamulo a fiqh madzi ochuluka ngati a m'nyanja sasanduka najisi ndi mkodzo wochepa, ndipo wudhu wake ndi wololedwa. Koma mazira a likodzo saphedwa ndi kuchuluka kwa madzi. Wokodza pagombe akudwalitsa ana a mnansi wake, ndipo kuvulaza anzathu n'koletsedwa. Choncho padooko ndi pamzikiti pakhale chimbudzi. Pochita wudhu ndi ghusl gwiritsani ntchito madzi a pamjigo. Ngati mulibe, a m'nyanja awiritseni, kapena asungeni m'ndowa masiku awiri musanasambe, chifukwa tizilomboto sitikhalitsa tikasowa munthu.

Zina zoononga impso

Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndiwo amaononga impso za akuluakulu ambiri, ndipo amachita zimenezi mwakachetechete kwa zaka. Malungo aakulu, kutsegula m'mimba kwambiri monga kolera, kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, ndi zitsamba zopanda mlingo, nazonso zimavulaza impso.

Thamangirani kuchipatala mukaona magazi mumkodzo, thovu losatha, kutupa kwa mapazi ndi nkhope, kuchepa kwambiri kwa mkodzo, kapena ululu pokodza. Kumeneko amayeza mkodzo ndi magazi.

Impso zikalephereratu, magazi amasefedwa ndi makina a dialysis, maola pafupifupi 4 pa ulendo uliwonse, kawiri kapena katatu pa sabata. Makinawa amapezeka pa zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Taganizirani banja la ku Makanjira lomwe likufunika ulendo umenewu sabata iliyonse.

Yemwe mkodzo umadontha osaleka

Vuto limeneli pa Chiarabu limatchedwa salasul-baul, ndipo silimuchotsera munthu swala. Nthawi ya swala ikakwana achite istinja, aike kansalu kotchinga, achite wudhu n'kuswali nthawi yomweyo. Zodontha ali pa swala siziononga swala yake. Achite chimodzimodzi pa swala iliyonse ya faradhi, ndipo asachite manyazi kukaonana ndi adokotala.

Tikupempha Allah kuti atipatse thanzi, achiritse odwala athu, ndipo atichite kukhala oyamika mtendere wake. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.