Lipenga la ku Yavne: Chaka Chatsopano cha Ayuda Kachisi Atagwa

M'chaka cha 70 AD asilikali a Aroma anagwetsa Kachisi wa ku Jerusalem, kumene Ayuda ankaperekera nsembe zopepesera machimo. Nanga tsopano munthu wolapa akanalowera kuti?

Yankho linachokera kwa mphunzitsi Yohanan ben Zakkai, yemwe anasonkhanitsa ophunzira ake m'tauni ya Yavne. Pa Rosh Hashanah, chaka chatsopano cha Ayuda, amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa lotchedwa shofar pofuna kudzutsa anthu kuti alape. Tsikuli likagwa pa Sabata, lipengali linkalira ku Jerusalem ndi m'midzi yapafupi basi. Yohanan analamula kuti lizilira ku Yavne, komwe kunali bwalo la akuluakulu. Motero mwambowu sunafere m'mabwinja.

Kulapa nako kunasamukira pakati pa anthu. Buku la Mishnah, lomwe analisonkhanitsa cha m'ma 200 AD, limaphunzitsa kuti ukalakwira mnzako, tsiku la chitetezero la Yom Kippur silichotsa tchimolo mpaka utakamupepesa.

Nchifukwa chake mpaka lero, m'masiku 10 oyambira pa Rosh Hashanah kufika pa Yom Kippur, Ayuda amapepesana, kupemphera pamodzi ndi kuthandiza osauka. Aroma anagumula miyala, koma zimenezi sanathe kuzigumula.