Chiyambi cha dzina la Li: nthano ya woweruza ndi mtengo wa zipatso

Mwa mayina onse a mabanja a ku China, la Li ndi limodzi mwa awiri otchuka kwambiri. Limapikisana ndi la Wang, ndipo anthu oposa 90 miliyoni m'dzikolo amadziwika nalo. Kunja kwa China limalembedwanso kuti Lee, monga m'mayina a katswiri wa mafilimu Bruce Lee ndi nduna yaikulu yoyamba ya Singapore, Lee Kuan Yew. Ku Korea dzina lomweli amalitchula Yi kapena Lee, pamene ku Vietnam ndi Ly.

Nthano ya eni ake imayambira pa Gao Yao, yemwe akuti anali mkulu wa oweruza milandu m'masiku a mfumu Shun, imodzi mwa mafumu anzeru a makedzana. Udindo wakewo unkatchedwa Dali. Popeza ana ndi zidzukulu ankalowa pa mpando womwewo mibadwo ndi mibadwo, anatenga mawu akuti Li, olembedwa 理, kukhala chiwongo chawo. Mawuwa amatanthauza dongosolo kapena chilungamo.

Tsoka linagwa m'nthawi ya mfumu Zhou, yomaliza mu ufumu wa Shang umene unatha cha m'ma 1046 Yesu asanabadwe. Mbiri ya China imaikumbukira mfumuyi chifukwa cha nkhanza zake. Mdzukulu wina wa Gao Yao, dzina lake Li Zheng, anaidzudzula mosapsatira mawu, ndipo iyo inalamula kuti aphedwe. Mkazi wake anathawa ndi mwana wawo wamwamuna, Lizhen, nakabisala m'mabwinja ena m'dera limene lero ndi chigawo cha Henan. Njala itafika posauzana, chimene chinawapulumutsa ndi zipatso za mtengo wa plamu, zooneka ngati mapichesi ang'onoang'ono.

M'Chitchaina, mtengowu umatchedwanso li, ndipo katchulidwe kake n'kofanana ndi ka dzina la banjalo. Choncho Lizhen anasiya chilembo chakale natenga chatsopano, 李, chimene chili ndi chizindikiro cha mtengo pamwamba ndi cha mwana pansi. Anatero pothokoza mtengo umene unasunga moyo wake, komanso pofuna kusokoneza asilikali a mfumu amene ankamusaka. Nthanoyi imapitiriza kunena kuti mwa zidzukulu zake munatuluka Li Er, wodziwika bwino ndi dzina lakuti Laozi, amene otsatira chiphunzitso cha Tao amamuona ngati tate wawo.

Akatswiri a mbiri yakale saitenga nkhaniyi ngati umboni weniweni. Buku lina lotchuka limene linaisunga, Xin Tangshu, linamalizidwa mu 1060 ndi Ouyang Xiu ndi Song Qi, patapita zaka zoposa 2,000 chigwereni ufumu wa Shang. Kuwonjezera apo, panali anthu amene ankapindula nayo. Banja limene linalamulira ufumu wa Tang kuyambira mu 618 mpaka 907 linali la Li, ndipo linkanena kuti linachokera kwa Laozi kudzera mwa a Li a ku Longxi, m'chigawo cha Gansu. Koma mayi wa Li Yuan, amene anayambitsa ufumuwo, anali wa banja la Dugu la mtundu wa Xianbei, anthu a kumpoto amene mabanja akale a Chitchaina ankawayang'ana ngati alendo. Mzere wa makolo wofika kwa woweruza wolungama ndi kwa mphunzitsi wolemekezeka unali chishango cholimba pamaso pa mabanja onyadira magazi awo. Mu 666, mfumu Gaozong inafika popatsa Laozi ulemu wa ufumu, iye atamwalira kalekale.

Mafumu a Tang omwewo ndiwo anachulukitsa dzinali, pakuti ankalipereka ngati mphotho kwa amene awatumikira mokhulupirika. Mkulu wa nkhondo Xu Shiji anasanduka Li Shiji. Mtsogoleri wa anthu a mtundu wa Shatuo, Zhuye Chixin, anapatsidwa dzina lakuti Li Guochang, ndipo mdzukulu wake Li Cunxu anakhazikitsa ufumu wakewake mu 923. Motero ambiri mwa a Li a lero sali pa ubale wa magazi, ngakhale kuti mabuku a mibadwo a mabanja ochuluka amayambabe ndi Gao Yao ndi mwana amene anapulumukira pansi pa mtengo wa plamu.