Boma Monga Wogula: Mbiri ya Kafukufuku wa Mbewu ndi Alimi a ku Chitipa

Kafukufuku wa zaulimi sathera pa siteshoni pamene mbewu yatsopano yapangidwira, chifukwa pakati pa munda woyeserera ndi munda wa mlimi pamafunika wina wa ndalama amene angagule mbewuyo yochuluka, kuinyamula ndi kuifikitsa kumudzi, ndipo m'mbiri ya Malawi wogula wamkulu ameneyu wakhala ali boma. Akatswiri ofufuza za mgwirizano wa sayansi ndi mfundo za boma, monga Jakob Edler ndi Luke Georghiou amene adalemba za nkhaniyi mu 2007, amasiyanitsa kugula wamba, kumene boma limatenga katundu amene ali kale pamsika, ndi kugula kolimbikitsa luso latsopano, kumene boma limatchula vuto lofunika kuthetsedwa ndi kulonjeza msika kwa amene apeze yankho lake. Boma la Chitipa, limene lili kumalire ndi Tanzania komanso Zambia ndipo kalembera wa 2018 adapezamo anthu pafupifupi 235,000, ndi malo oyenera kuonerapo kusiyanaku, popeza kutalika kwake ndi misika ikuluikulu kwachititsa kuti zambiri za sayansi zizifikako pokhapokha boma litazilipirira.

Kutalikako ndi nkhani yakale. Msewu wa Stevenson, umene udayamba kulambulidwa m'zaka za m'ma 1880 kuti ulumikize Karonga ndi nyanja ya Tanganyika, udadutsa m'derali, ndipo atsamunda adamangako linga limene adalitcha Fort Hill, dzina limene lidaloŵedwa m'malo ndi la Chitipa dziko litalandira ufulu. Ngakhale zidali choncho, msewu wa phula wa makilomita pafupifupi 100 wochokera ku Karonga udadzatha kumangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, ndi ndalama zochokera ku China. Nthaŵi yonse ya m'mbuyomo, thumba la feteleza kapena la mbewu linkakwera zitunda pa msewu wa fumbi umene unkavuta kwambiri m'dzinja, kotero kuti wamalonda wofuna phindu sankaona chifukwa chotumizira lole yake kumeneko.

Khofi ndiye mbewu yoyamba imene boma lidaigwira dzanja m'derali. Alimi a m'mapiri a Misuku, kwawo kwa Asukwa ndi Andali, adayamba kulima khofi m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1971 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa bungwe la Smallholder Coffee Authority, limene linkapereka mbande, ngongole ndi alangizi, komanso kugula khofi yense wa alimi ang'onoang'ono. Wogula mmodzi wotere adali ndi mphamvu yosankha mitundu imene idzabzalidwe, koma bungweli lidamira m'ngongole ndipo alimi ankadandaula ndi mitengo yotsika, mpaka mu 1999 lidasanduka Smallholder Coffee Farmers Trust, imene mu 2007 idakhala Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mgwirizano wa makopaletivi umene wa ku Misuku ndi umodzi mwa mizati yake. Chofunika kuchizindikira ndi chakuti mitundu ya Catimor, imene ndi yaifupi, yobereka msanga ndi yopirira ku chiwawu cha masamba, idafalikira kwambiri ulamuliro utayamba kupita m'manja mwa alimi, pamene kale kunkadaliridwa mitundu ya Geisha ndi Agaro. Kukhala wogula yekhayo sikudachititse bungwe la boma kufunafuna zatsopano.

Nkhani ya chimanga ndi yaitali kuposa pamenepa, ndipo ndi imene imaonetsa bwino mmene kafukufuku ndi thumba la boma zimakokeranirana. Siteshoni ya Chitedze, pafupi ndi Lilongwe, ndiyo idakhala likulu la ntchito yopanga mbewu za chimanga, ndipo mbewu zoyembekezeka kutulutsidwa zinkayesedwa m'masiteshoni a m'madera osiyanasiyana, kuphatikizapo ya Meru m'boma la Chitipa, kuti aone mmene zikuchitira pa nthaka ndi mvula ya kumeneko. Kwa zaka zambiri chimanga cha haibulidi, kutanthauza chimanga chopangidwa pokwatitsa mitundu iwiri yosankhidwa kuti chibereke kwambiri, chidali cha njere zofewa, zimene zimaphwanyika mumtondo pokonola ndi kupita ku gaga, komanso zimafumbwa msanga m'nkhokwe. Amayi, amene ndiwo amakonola ndi kudziŵa kuchuluka kwa mphale yotsala m'lichero, adachiona ngati mbewu yogulitsa ku ADMARC osati yodya pakhomo, ndipo mabanja adapitiriza kubzala chimanga cha makolo. Jonathan Kydd adalemba za kulephera kumeneku mu 1989, ndipo Melinda Smale ndi anzake a bungwe la CIMMYT adaonetsa ndi kafukufuku wa m'midzi kuti alimi sankakana sayansi, koma ankakana njere yosayenera mtondo wawo. Mu 1990 mitundu ya MH17 ndi MH18, ya njere zolimbirapo ndi zokonoleka, idatulutsidwa ku Chitedze, ndipo iyi idali nthaŵi imodzi yooneka bwino imene funso la mayi wa pamtondo lidasanduka funso la katswiri wa mbewu.

Mbewuzi zidatuluka njira zozifikitsira kwa alimi zikugwa. ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971, inkagula ndi kugulitsa pa mtengo umodzi dziko lonse, ndipo dongosolo limeneli linkapindulira madera akutali monga Nthalire, Wenya ndi Kameme, popeza mtengo wa mayendedwe unkagawidwira dziko lonse m'malo mogwera mlimi wa kumalire yekha. Kuchokera mu 1987, malonda a zokolola atatsegulidwa kwa amalonda wamba motsatira malangizo a World Bank, misika ina ya ADMARC idatsekedwa, ndipo pofika 1994 ngongole za makalabu a alimi zidali zitasokonekera, feteleza nayenso atakwera mtengo.

Poyankha vutoli, gulu la akatswiri lotchedwa Maize Productivity Task Force, mothandizidwa ndi Rockefeller Foundation, lidachita ntchito imene mpaka lero ndi yosiririka: lidayesa milingo ya feteleza m'minda ya alimi yoposa chikwi m'dziko lonse, alangizi a m'madera ndiwo akuyang'anira, ndipo lidatulutsa malangizo osiyana malinga ndi nthaka ndi dera. Kuchokera m'maganizo a gululi mudabadwa pulogalamu ya Starter Pack ya 1998, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, imene idapereka kwaulere kwa mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni kaphukusi ka makilogalamu 15 a feteleza, 2 a chimanga cha haibulidi ndi pang'ono mbewu ya mtundu wa nyemba, zokwanira gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala. Mu 2005 boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa makuponi a zipangizo zotsika mtengo, pulogalamu imene idadzadziŵika ndi dzina la FISP, ndipo mu 2020 boma la Lazarus Chakwera lidaisintha kukhala AIP. Ephraim Chirwa ndi Andrew Dorward, m'buku lawo la 2013, adasanthula mwatsatanetsatane zimene makuponiwa adachita, pamene Blessings Chinsinga adaonetsa kuti msika wa mbewu umene boma lidautsegula udapindulira kwambiri makampani akuluakulu akunja, amene adali ndi mphamvu yochulukitsa ndi kugawa haibulidi, kuposa mbewu zopangidwa m'masiteshoni a boma. National Seed Company of Malawi, imene inkachulukitsa mbewu za ku Chitedze, idali itagwa kale m'manja mwa Cargill ndipo kenako Monsanto.

Apa ndi pamene pagona chisoni cha mbiriyi. Kafukufuku adanena kuti nthaka za dziko lino n'zosiyana, koma tenda, imene ndi chiitano cha boma chopempha ogulitsa kuti apikisane pa mtengo, idafuna katundu wofanana amene n'ngosavuta kuŵerenga ndi kugawa, motero mlimi wa ku chigwa cha Shire ndi wa pa zitunda za Chitipa adalandira matumba aŵiri ofanana, la feteleza wokulitsa ndi la wobereketsa. Mawere, amene anthu a ku Chitipa akhala akulima kuyambira kale potentha nthambi ndi kufesa paphulusa, ndipo amaphikira phala ndi kufululira moŵa wa pa miyambo, sadapeze malo enieni m'ndandanda wa zogula za boma, chonsecho ulimi wake ndi umene umadya mitengo ndipo ukadapindula kwambiri ndi kafukufuku wopeza njira ina yosatentha nkhalango.

Malamulo adabwera mochedwa, ndipo adabwera ndi nkhaŵa ina. Lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2003, ndi lina limene lidaloŵa m'malo mwake mu 2017 ndi kukhazikitsa bungwe la Public Procurement and Disposal of Assets Authority, cholinga chawo chachikulu chidali kutseka mipata ya katangale ndi kuonetsetsa kuti mpikisano ukuchitika poyera, zimene n'zofunika ndithu m'dziko limene ndalama za feteleza zakhala zikubweretsa milandu. Mu 2003 momwemo Nyumba ya Malamulo idavomerezanso lamulo la sayansi ndi luso, limene lidabala National Commission for Science and Technology, koma malamulo aŵiriwa adakula ngati ana a mabanja osayenderana, lina likuyang'ana mtengo wotsika ndi mapepala olongosoka, lina likuyang'ana kafukufuku amene ndalama zake zambiri zimachokera kwa abwenzi akunja. Mosiyana ndi zimenezi, maiko a European Union, m'malamulo awo a kagulidwe a 2014, adaikamo njira yolola ofesi ya boma kugwirizana ndi wofufuza kuti apange chinthu chimene sichidafike pamsika, kenako n'kuchigula chikatheka. Ku Chitipa, kumene siteshoni ya Meru yakhala ikuyesa mbewu zobadwira kwina, mbewu ya mawere imasankhidwabe ndi amayi pa nthaŵi yokolola, ndipo amaisunga okha kudikira mvula ya chaka chotsatira.