Kujambula miyala ndi maluwa m'mapiri a Nyika ndi Mafinga

Anthu ambiri a m'makomboni a mzinda wa Lusaka amadziwa cikanda ngati cakudya cogulitsidwa m'misika ndi m'mbali mwa misewu. Koma ndi ocepa amene anaonapo duwa la comera cimene cikanda cimacokerako. Comeraci ndi ca mtundu wa maluwa odziwika ndi dzina loti orchid, ndipo cimamera m'madambo ndi pamwamba pa mapiri ataliatali. M'malo ambiri maluwawa akusowa cifukwa cokumbidwa mopitirira muyezo. N'cifukwa cake kukwera mapiri ndi kukajambula maluwa, pamodzi ndi miyala imene amamera pakati pake, ndi nchito yothandiza kusunga umboni wa cuma cimene cingathe kutha.

Kumene kuli mapiriwa

Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pamene pamalekezera nyanja yamcere. Mapiri aatali koposa a dziko la Zambia ali kumpoto cakum'mawa, m'malire ndi dziko la Malawi.

Mapiri a Mafinga ali m'cigawo ca Muchinga. Nsonga yake ya Mafinga Central ndi yaitali mamita 2,339, ndipo ndiyo malo okwera koposa m'dziko lonse la Zambia. Mtsinje wa Luangwa umayambira m'mapiri amenewa.

Kum'mwera cakum'mawa kwa Mafinga kuli cidikha cokwera ca Nyika. Mbali yake yaikulu ili m'Malawi, kumene inakhala malo otetezedwa a Nyika National Park mu 1965 ndipo inakulitsidwa mu 1978 kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000. Nsonga yake ya Nganda imapitirira pang'ono mamita 2,600. Mbali ya Zambia ndi yaing'ono, ya masikweya kilomita 80 cabe, koma muli nkhalango yakale ya Chowo. Mu 2015 maboma a Zambia ndi Malawi anasaina pangano losamalira pamodzi malo a zinyama ndi zomera a m'malire, kuphatikizapo Nyika. Alendo ambiri amafika kumeneku kudzera m'Malawi, polowera pa tauni ya Rumphi ndi pa cipata ca Thazima, motero wocokera ku Lusaka afunika kukhala ndi pasipoti.

Maonekedwe a miyala

Miyala yambiri ya ku Nyika ndi ya mitundu ya granite ndi gneiss. Mvula, dzuwa ndi kuzizira zakhala zikuisenda kwa zaka zosawerengeka, mwakuti ina inabulungika ndipo ina imasupuka pamwamba monga makoko a anyezi. Pa miyalayi pamamera ndere zofiirira, zotuwa ndi zobiriwira, zimene zimakula pang'onopang'ono kwambiri. Ku Mafinga kuli miyala yambiri ya quartzite, yolimba ndi yotuwa, imene ikaperepeseka imapanga dothi la mcenga losowa conde. M'ming'alu ya miyala yotere mumasonkhana dothi locepa ndi cinyezi, ndipo mmenemo ndi mmene timaluwa ta m'mapiri timagwira mizu.

Wofuna kuonetsa mizere ndi makwinya a mwala pa cithunzi ayenera kujambula m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Nthawi imeneyi kuwala kumabwera cam'mbali ndipo kakhwawa kalikonse kamakhala ndi mthunzi wake. Dzuwa likakhala paliwombo mthunzi umasowa ndipo mwala umaoneka wosalala. Mvula ikangokata, mitundu ya mwala ndi ya ndere imaoneka bwino koposa. Ndi canzeru kuika ndalama yacitsulo kapena colembera pambali, kuti woona cithunzico adziwe kukula kwake kwa cinthu.

Luso limeneli munthu angaliphunzire asanacoke mu Lusaka. Makomboni a Kanyama, Chawama ndi George anamangidwa pa miyala ya laimu ndi dolomite, imene madzi a mvula amasungunula pang'onopang'ono n'kusiyamo mabowo ndi ngalande. Ku Kalingalinga ndi ku Mtendere amai ndi abambo ophwanya miyala amadziwa bwino mmene mwala umaonekera mkati ukasweka. Wojambula ayambe wapempha cilolezo kwa eni nchitoyo, ndipo asayandikire maenje akale okumbamo miyala amene amadzaza madzi m'dzinja.

Maluwa ndi nyengo yake

Ku Nyika kumapezeka mitundu ya orchid yoposa 200. Yambiri imacita maluwa m'nyengo ya mvula, makamaka mu January ndi February, pamene udzu wa pacidikha umadzaza ndi maluwa ofiira, oyera, acikasu ndi ofiirira. Kulinso maluwa a protea, a gladiolus ndi a helichrysum, amene sasintha maonekedwe ngakhale atauma. Maluwa ena amatuluka mu September ndi October, moto ukapsereza udzu wakale mvula isanayambe. Mu 2005 akatswiri a zomera a kum'mwera kwa Africa anasindikiza buku lofotokoza zomera za kumaloku, lokhala ndi mutu wakuti Plants of the Nyika Plateau.

Maluwa amajambulika bwino kukakhala mitambo yopyapyala, cifukwa dzuwa lowala kwambiri limafafaniza mtundu wake. Mphepo ndiyo imavutitsa, popeza duwa likagwedezeka cithunzi sicioneka bwino, ndipo kawirikawiri kumakhala bata m'bandakuca. Wojambula agwade kapena agone camimba kuti kamera ifanane msinkhu ndi duwalo, koma ayambe waona pamene akuika bondo kuti asaphwanye zomera zina. Makamera ambiri ndi mafoni a m'manja a masiku ano ali ndi njira yojambulira zinthu zazing'ono pafupi kwambiri.

Kuti cithunzi cithandize akatswiri kuzindikira comera, duwa lokha silikwanira. Pafunika cithunzi ca duwa cakutsogolo ndi cam'mbali, ca masamba, ca comera conse, ndiponso ca malo amene camera, kaya ndi padambo, paudzu kapena pamwala. Tsiku ndi dera zilembedwe nthawi yomweyo.

Cikanda ndi kutha kwa maluwa

Cikanda cimaphikidwa ndi timbatata ta pansi pa nthaka ta maluwa a orchid, makamaka a mitundu ya Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis. Timbatatati amatisinja n'kutisakaniza ndi nshawa, soda, mcere ndi tsabola. Kale cinali ndiwo ya kumidzi ya Abemba ndi mitundu ina ya kumpoto, koma tsopano cimadyedwa m'matauni onse, ndipo timbatata take timagulitsidwa m'misika ikuluikulu monga wa Soweto mu Lusaka. Amai ambiri amalera ana ndi kulipira sukulu ndi ndalama za malonda amenewa.

Vuto lagona pa kameredwe ka duwali. Caka ciliconse comeraci cimasunga cakudya cake m'kambatata katsopano kamene kadzaphuke mvula ikabweranso, ndipo kambatata kameneka ndiko amakumba. Kakazulidwa, comera conse cimafa. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, sizimera popanda thandizo la nkhungu ina ya m'dothi, ndipo pamapita zaka kuti mbewu yatsopano icite maluwa.

Maluwawa atayamba kucepa m'Zambia, amalonda anayamba kugula timbatata ku Tanzania, Malawi, Angola ndi Democratic Republic of Congo. Kafukufuku wa a Tim Davenport ndi a Henry Ndangalasi, wofalitsidwa mu 2003, anasonyeza kuti timbatata toposa 2 miliyoni tinali kucoka m'mapiri a kum'mwera kwa Tanzania kulowa m'Zambia caka ciliconse. Mu 2005 boma la Tanzania linakhazikitsa mwalamulo Kitulo National Park pofuna kuteteza maluwa a kumeneko. Pangano la maiko la CITES limafunanso cilolezo pa malonda a maluwa a orchid odutsa malire.

Apa ndi pamene zithunzi zimagwira nchito. Cithunzi cokhala ndi tsiku ndi dera ndi umboni wakuti duwa lakutilakuti linalipo pamalopo caka cimeneco, ndipo wobwera pambuyo pa zaka khumi angathe kuyerekeza. Komabe wojambula asaulule pa intaneti malo enieni amene wapeza maluwa osowa, cifukwa uthengawo ungafikenso kwa okumba.

Malamulo ndi citetezo

M'Zambia malo otetezedwa amayang'aniridwa ndi Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa bungwe la ZAWA mu 2016. M'malo amenewa ndi mlandu kuthyola, kuzula kapena kutenga comera popanda cilolezo.

Woyenda m'mapiri atsagane ndi wolondolera wodziwa malowo, popeza nkhungu imatha kuphimba njira m'kanthawi kocepa. M'dzinja miyala imaterera ndipo mphenzi ndi yoopsa pamalo opanda mitengo, motero ndi bwino kutsika pa nsonga mabingu asanayambe. Mu June ndi July usiku kumazizira mpaka madzi kuundana pa udzu. Kuzizira kumamaliza msanga moto wa batire, conco batire lapadera lisungidwe m'thumba la mkati mwa covala, ndipo kamera ikulungidwe m'pulasitiki kuti isalowe cinyezi. Nsapato zolimba, covala ca mphepo, madzi akumwa ndi cakudya cokwanira tsiku lonse zisasowe m'cola.