Chimene Chinapha Utoto wa Phula ndi Moto

M'chaka cha 1888, Flinders Petrie akukumba manda ku Hawara, m'dera la Fayum ku Egypt, anapeza mitembo yokulungidwa m'nsalu, kumaso kwake atamangirirako timatabwa tojambulidwa nkhope za eni ake. Zithunzizo n'za nthawi imene Aroma ankalamulira dzikolo, zaka pafupifupi 1,800 zapitazo, koma maso ake amakuyang'ana ngati munthuyo ayankhula. Zambiri mwa izo anazijambula ndi utoto wosakaniza ndi phula la njuchi. Mmisiri ankasungunula phulalo pa makala, n'kulipaka mwachangu lisanagwirane, kenako n'kulisalaza ndi kachitsulo kotentha. Nanga luso lokhalitsa chonchi linazimiriranji? Yankho lili pa makala omwewo: anthu sanalisiye chifukwa chofooka, analisiya chifukwa chotopetsa.

Pliny Wamkulu, mlembi wachiroma amene anamwalira m'chaka cha 79, analemba kuti zombo zopakidwa utoto wa phula sizinkawonongeka ndi dzuwa, mchere kapena mphepo. Iye yemweyo ananena kuti Pausias wa ku Sicyon, katswiri wa lusoli, ankajambula tizithunzi ting'onoting'ono, ndipo opikisana naye ankati n'chifukwa choti ntchito ya phula imachedwetsa. Utoto wosakaniza ndi dzira sunkafuna mbaula pambali, choncho amisiri a zithunzi za m'matchalitchi anatembenukira kumeneko. Ndani angawadzudzule? Wina anganene kuti chinasunga nkhope za ku Fayum ndi kuuma kwa chipululu, osati phula, pakuti zojambulidwa ndi utoto wina nazonso zinapulumuka, pomwe za Pausias zinatheratu. Izi n'zoona ndithu, ndipo ngakhale chithunzi cha phula cha Khristu cha m'zaka za m'ma 500, chosungidwa ku nyumba ya amonke ya Saint Catherine ku Sinai, chili m'chipululu. Komatu mfundoyi ikungofotokoza chifukwa chake matabwa sanawole. Sikuyankha chifukwa chake amisiri anataya lusoli.

Umboni uli m'kubwerera kwake. Comte de Caylus anayesa kulidzutsa ku France m'ma 1750, moto udakali wa makala, koma silinafale kwenikweni. Mbaula zamagetsi zitafika, vuto losunga phula lili lotentha linatha, ndipo amisiri analitolanso. Jasper Johns anajambula nalo mbendera ya America mu 1954 ndi 1955, ndipo chithunzicho chili ku Museum of Modern Art ku New York.